Psion amene sagwa pa nkhondo: kodi DM achite naye chiyani?

Ndalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene ndi DM (Dungeon Master), woyendetsa gemu ya Dungeons & Dragons 3.5. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi:

"Gulu langa lili pa levulo 8. Mmodzi mwa osewera ali ndi psion. M'mawa uliwonse amayatsa inertial armor ndi share pain, ndipo nkhondo ikangoyamba amawonjezera vigor n'kuigawana ndi psicrystal yake. AC yake imaposa ya fighter wovala zitsulo thupi lonse. Zilombo zimamumenya mpaka kutopa, iye ali chilili. Ndikabweretsa chilombo choti chingamugwetse, chimayamba chapha anzakewo. Kodi ndingoletsa mphamvu zimenezi, kapena pali njira ina?"

Kwa amene simukuzidziwa: psion ndi munthu wa m'gemu womenya nkhondo ndi mphamvu za maganizo, ndipo psicrystal ndi kamwala ka kristalo kamene amayenda nako. Inertial armor imamutchinga ngati chovala chosaoneka, share pain imagawa nkhonya zimene walandira pakati pa iye ndi kamwalako, ndipo vigor imamuwonjezera moyo kwa kanthawi. Akulu, musaletse kaye. Chimene wosewera wanu akuchita ndi chodziwika kwa aliyense amene anagwirapo Expanded Psionics Handbook, buku la mu 2004 lija, ndipo n'champhamvu ndithu. Koma chimateteza zinthu ziwiri zokha, AC (nambala yoonetsa kuvuta kwa kumumenya) ndi ma HP (mapointi a moyo wake), ndipo mwa mmene mwalembera, adani anu onse akhala akulimbana ndi ziwiri zomwezo.

Tisanafike kwa adani, pemphani pepala la wosewerayo muliwerenge limodzi. Pali lamulo limodzi limene magulu ambiri amalidumpha: psion sangathire ma power point (mapointi amene amalipira poyatsa mphamvu) oposa manifester level yake (levulo yake monga psion) pa mphamvu imodzi. Pa levulo 8, malire ndi mapointi 8. Vigor imapereka ma HP osakhalitsa 5 pa pointi iliyonse, ndiye 40 ndi pomwe amalekeza. Mukamva akuti "ndathira 20, ndili ndi 100", vuto lanu lathera pomwepo. Feat ya Overchannel imakweza malirewo ndi 2 pa levulo imeneyi, koma iye amadzivulaza ndi 3d8, pokhapokha akhale ndi Talented n'kutaya psionic focus yake. Onaninso kuti sakuwunjika vigor pamwamba pa vigor ina, chifukwa siziphatikizana. Yatsopano imangolowa m'malo mwa yakale. Inertial armor nayo ndi armor bonus, siiphatikizana ndi chovala chachitsulo kapena bracers of armor.

Tinene kuti zonse zili m'malo mwake, wosewera wanu sakuba. Tiyeni tiwerengere munthu wongoyerekeza: levulo 8, Intelligence 20, Dexterity 14, Constitution 14. Tebulo la psion limamupatsa mapointi 58, Intelligence ikuwonjezera 20, onse pamodzi 78 pa tsiku. Inertial armor ya mapointi 7 ikumupatsa +7 kwa maola 8. Share pain ndi mapointi 3, nayonso maola 8. Akawonjezera force screen, chishango chosaoneka, ya mapointi 5 apeza +5, ndipo AC yake ifika 24. Ma HP ake enieni ndi ochepa, chifukwa psion amaponya d4 (dayisi ya mbali 4), ndiye ali cha m'ma 37. Chimene chikukusowetsani tulo ndi vigor: iye ali ndi 40, psicrystal ili ndi 40 yakeyake, ndipo share pain ikugawa nkhonya iliyonse pakati. Kuti mukhudze khungu lake lenileni muyenera kudutsa dameji 80, yomwe iye waigula ndi mapointi 8 okha. Raundi yotsatira akhoza kuigulanso.

Tsono onani nthawi. Vigor ndi force screen zimatha pakapita mphindi imodzi pa levulo iliyonse, ndiye mphindi 8. Chilichonse chimadya standard action yake, chochita chachikulu chimodzi chimene ali nacho pa raundi. Ngati akuyatsa zonse ziwiri nkhondo itayamba kale, maraundi awiri apita iye asanaponye kanthu, ndipo nkhondo zambiri za 3.5 zimakhala zitaonetsa kale mbali imene zikupendekera pofika raundi yachitatu. Ngati m'malo mwake amayatsa ali kuseri kwa chitseko, funso ndi lakuti: n'chifukwa chiyani nthawi zonse amadziwa kuti kuseri kwa chitsekocho kuli nkhondo? Ma DM ambiri timachita izi mosazindikira. Timafotokoza chitseko choopsa, timaimika gemu, timayala mapu, kenako n'kufunsa kuti "muchita chiyani?" Ndani sangayatse? Lolani zitseko zina zoopsa zitsegukire m'chipinda chopanda kanthu. Lolani adani ena aone kuwala kwa mphamvuzo, athawe, atseke chipata, n'kubweranso patapita kotala la ola. Mdani wanzeru amene anamvapo za psion ameneyu angachitedi zimenezo, si chinyengo.

Ndipo apa ndi pamene pali yankho lalikulu, ngakhale silokoma kulimva ngati dzina la spell. Malamulo a 3.5 amaganizira gulu lokumana ndi nkhondo pafupifupi 4 pa tsiku lisanapume. Psion wathu uja wataya 10 m'mawa, watsala ndi 68. Nkhondo iliyonse ikumudyera 13 pa vigor ndi force screen. Nkhondo 4 ndi 52. Atsala ndi 16, zomwe ndi ma energy ray awiri odzaza pa tsiku lonse. Ngati pa tebulo lanu pamakhala nkhondo imodzi yaikulu kenako onse n'kukagona, ndiye kuti psion akuthira mphamvu za tsiku lathunthu m'maraundi 5, ndipo palibe chilombo cha levulo yake chimene chingapirire. Ikani chifukwa choti gulu lisamagone likangofuna: akaidi amene aphedwa dzuwa likalowa, adani amene akuwatsata m'mbuyo, phanga limene likudzaza madzi. Mudzaona yekha akuyamba kuwerenga mapointi ndi kudzifunsa ngati nkhondo iyi ikufunikadi vigor yodzaza.

Tibwere ku nkhondo yeniyeni. AC 24 ija, mukachotsa armor bonus ndi shield bonus, touch AC yake, yomwe imagwira ntchito pamene mdani akungofuna kumukhudza, ndi 12 basi. Koma kungomukhudza sikokwanira, chifukwa scorching ray idzamupeza inde, koma dameji yake idzagawidwa n'kumezedwa ndi vigor monga mwa masiku onse. Mukufuna zomukhudza zimene sizidalira ma HP. Kumugwetsa pansi ndi trip kumayamba ndi touch attack, kenako Strength ya mdani n'kupikisana ndi Strength kapena Dexterity ya psion, imene ili yokulirapo, ndipo wathu uja ali ndi Dexterity 14 yokha. Akagona pansi AC yake imatsika ndi 4 kwa omumenya pafupi, ndipo akamadzuka amaputa attack of opportunity. Asilikali wamba awiri okhala ndi Improved Trip angamusautse kuposa chimphona. Enervation, spell ya levulo 4, ndi yowawa kwambiri: touch attack, palibe save (kuponya dayisi kuti adzipulumutse), ma negative level 1d4. Levulo yake ikatsika malire a mapointi aja amatsikanso, vigor yotsatira n'kuchepa. Imeneyi muziigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo.

Kenako pali Fortitude, save yodalira kulimba kwa thupi. Pa levulo 8 psion ali ndi +6 ya Will koma +2 yokha ya Fortitude ndi Reflex. Wathu uja, ndi Constitution 14, ali pa +4. Wizard wa Intelligence 18 akaponya stinking cloud, DC, nambala yofunika kuifikira, ndi 17, ndiye psion akufunika 13 kapena kuposa pa d20. Adzalephera maulendo 6 mwa 10 alionse. Wochita nseru sangaike maganizo pa chilichonse, amangotha kuyenda, ndipo nseruyo imapitirira maraundi 1d4+1 atatuluka mu utsimo. Sound burst ya cleric, levulo 2 yokha, imamuzunguza mutu kwa raundi imodzi akalephera Fortitude. Poizoni wodya Constitution naye amadutsa pambali, ndipo malamulo a share pain amanena poyera kuti ma HP otayika chifukwa Constitution yatsika sagawidwa.

Pali zida zina zimene DM wozolowera ma wizard amathamangira, zomwe pano sizigwira. Silence ndi kumumanga manja sizimuletsa kanthu, popeza mphamvu za psion sizifuna mawu kapena kugwedeza zala. Ngakhale ghoul itamuumitsa thupi, maganizo ake akugwirabe ntchito ndipo akhoza kuyatsa mphamvu ali chiumire. Kumugwira ndi grapple kumamukakamiza kuponya Concentration ya DC 20 kuphatikiza levulo ya mphamvuyo, koma vigor ndi ya levulo 1, ndipo munthu wa Concentration +13 akungofunika 8. Woponya mivi wodikirira kuti amulase pamene akuyatsa ndi nzeru yabwino, kungoti share pain idula muviwo pakati ndipo DC imatsika nawo. Ndipo musatumize ma shadow poganiza kuti adutsa chovala chake. Inertial armor ndi force screen ndi za force, zimatchinga ngakhale incorporeal touch.

Dispel magic ndiye chida chimene mwina mwachiiwala. Lamulo loyambira la bukuli ndi lakuti matsenga ndi psionics zimakhudzana ngati chinthu chimodzi, choncho dispel magic imazimitsa mphamvu za psion monga imazimitsira spell. Gulu lanu likanasankha lamulo lina lija lozilekanitsa, ndiye kuti mwadzimanga nokha, ndipo ndikanakhala inu ndikanabwerera ku loyambalo. Woponya wa levulo 8 akalunjika pa psion amaponya d20 kuwonjezera 8 molimbana ndi 19, payekhapayekha pa mphamvu iliyonse imene yayaka. Mwayi ndi theka pa iliyonse, ndiye mwa zinayi zija, ziwiri zikhoza kugwa nthawi imodzi. Chokoma n'chakuti wosewera samva kuberedwa: dayisi yaponyedwa iye akuona, ndipo akhoza kuyatsanso ngati ali ndi mapointi ndi raundi zoti ataye. Ngati mdaniyo ndi psion mnzake, dispel psionics imachita zomwezo ndipo imatha kuwonjezeredwa mphamvu ndi mapointi. Antimagic field ndi null psionics field zimazimitsa zonse, inde, koma ndi za levulo 6 kupita m'mwamba, ndipo zimasandutsa wosewera wanu kukhala woonerera. Kamodzi pa kampeni yonse, m'malo amene nkhani ikufuna, palibe vuto. Zikayamba kupezeka m'phanga lililonse, aliyense pa tebulo adziwa amene mukumusaka.

Nanga psicrystal? Theka la chitetezo chonse chili pa kamwala kameneko. Vigor imene akugawana nako imagwira ntchito pokhapokha kali mkati mwa mafiti 5 kuchokera kwa mwini wake. Kakangotalikira, imazima ndipo siibwerera ngakhale katabwezedwa m'manja. Share pain imaduka akatalikirana kupitirira close range, yomwe pa levulo 8 ndi mafiti 45. Ndiye rogue wokatsomphola n'kuthawa nako, kapena telekinesis yokaponyera kutali, zimagwetsa dongosolo lonse. Choopsa kwa psion n'chakuti pakati pa mafiti 5 ndi 45 kamwalako kakulandirabe theka la nkhonya zake kalibe vigor, pomwe ma HP ake enieni ndi theka la a mwini wake, cha m'ma 18. Fireball musaidalire, kali ndi improved evasion. Shatter, spell ya levulo 2, imapweteka zolengedwa za kristalo ndi 1d6 pa levulo iliyonse ya woponya mpaka 10d6, ndiye ndi imeneyo yokayenera, bola kakuoneka. Pali zinthu ziwiri zoti mugwirizane ndi wosewerayo gemu isanayambe, osati m'kati mwa nkhondo mitima itatentha: ngati hardness 8 ya kamwalako, kulimba kumene kumachotsa 8 pa nkhonya iliyonse, imachepetsa dameji yobwera kudzera mu share pain, komanso chimene chichitike kakasweka. Pa loyambalo ine ndimati ayi, chifukwa dameji imeneyo inalowa kale m'thupi la psion ndipo ikungosamutsidwa. Mukalola hardness, nkhonya ya 16 ikhala ikufika pa kamwalako ili ziro, ndipo pamenepo ndiye mwapangadi munthu wosafa.

Koma funso limene ndikanakufunsani tikanakhala pa tebulo limodzi ndi ili: n'chifukwa chiyani adani anu akulimbikira kumenya iyeyo? Kamba akalowa m'chigoba sadyeka, komanso sagwira kanthu. Raundi iliyonse imene psion akudzikuta ndi raundi imene cleric akukhapidwa, wamthenga wa adani akuthamangira ku belu, mwambo wa mdani wamkulu ukuyandikira kumapeto. Chilombo chopanda nzeru chimenye amene ali pafupi, palibe kanthu. Koma msilikali amene wakhapa kawiri n'kuona lupanga likuterereka m'malere atembenukira kwa wina. Psion amene watsala yekha ali ndi ma HP onse, anzake ali gone pansi ndipo mkaidi waphedwa, sanapambane, ndipo wosewera wanzeru amazindikira msanga n'kuyamba kuthira mapointi ake pothandiza gulu.

Musaiwalenso kuti munthuyu anasankha mphamvu zake ndi feat ya Psicrystal Affinity kuti akhale wovuta kupha. Zimenezo ndiye zimamusangalatsa. Nkhondo zambiri zimulole aime pakhomo, ogre akumusinja, iye akuseka. Pa gemu yanu yotsatira ndikanayala chonchi: nkhondo yoyamba yophweka, awale mmene amawalira, yachiwiri ibwere modzidzimutsa patapita theka la ola, ya asilikali ogwetsa anthu pansi, yachitatu ikhale ndi wizard amene ayambe ndi dispel magic n'kutsatiza stinking cloud, pamene anyamata ake akukokera mkaidi ku bwato. Chilombo chachikulu chija chimene chimapha anzake, chisiyeni m'buku. Mukatero mundilembere, makamaka mundiuze kuti anafika pa nkhondo yachitatu ali ndi mapointi angati.