Damu lathu lakalamba, tiyambire pati kulikonza?

Mafunso awa achokera kwa alimi a mthirira amene amadalira damu ladothi lomangidwa kalekale, lomwenso amamwetsamo ziweto ndi kutungamo madzi apakhomo. Madamu otere ndi ambiri m'dziko muno, ena ndi a nthawi ya atsamunda, ndipo ena sanaonedwepo ndi injiniya chimangidwire.

A wapampando a komiti ina afunsa kuti: "Madzi amatithera mu Okutobala mbewu zakudimba zisanakhwime. Tikufuna titseke ngalande yotayira madzi ndi matumba a mchenga kuti damu lizidzaza kwambiri. Pali vuto?"

Vuto lilipo a wapampando, ndipo ndikupempha kuti matumbawo musawayike. Ngalande imene ili pambali pa khomayo ndiyo imateteza damu lonse. Anaikumba motsikirapo dala, kuti damu likadzaza madzi azitulukira pamenepo asanafike pamwamba pa khoma. Khoma ladothi limatha kusunga madzi zaka makumi ambiri, koma silipirira madzi oyenda pamwamba pake. Amayamba ndi kakhwawa kakang'ono kumbuyo kwa khoma, kakhwawako n'kumadya dothi chobwerera m'mbuyo, ndipo pa maola ochepa khoma limang'ambika pakati. Mukatseka ngalande mwachotsa mpata umene mvula yausiku umodzi imafuna.

Kunena zoona, pa madamu akale ambiri ngalandeyo ndi yofunika kuikulitsa. Amene anamanga anayeza madzi a nthawi imene kumtunda kunali nkhalango. Lero kuli minda ndi zigwembe, madzi sakulowanso pansi, akutsetsereka onse nthawi imodzi. Mvulanso yasintha. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mbali ina ya damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, makina a magetsi n'kuima kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anationetsa zoopsa kuposa pamenepo. Choncho ndalama yoyamba imene mwasonkha ipite ku ngalande: kuchotsamo bango, zitsa ndi mchenga, kuikuza monga angayezere injiniya, kubzalamo kapinga, ndi kuyala miyala kumene madzi amagwera kuti asakumbe.

"Nanga tikakweza khomalo?" Zimatheka. Damu la Kamuzu loyamba ku Malingunde, limene linamangidwa mu 1966 kuti lizimwetsa mzinda wa Lilongwe, linakwezedwa m'zaka zapitazi. Koma kukweza khoma si kuthira dothi pamwamba. Khoma likatalika liyenera kunenepanso kuyambira patsinde, dothi latsopano lilumikizane ndi lakale atapala udzu ndi mizu yonse, ndipo lithiridwe pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, lili lonyowa pang'ono, n'kulitsendera mpaka kulimba. Katondo amagwira bwino. Makande amang'aluka dzuwa likawomba, mchenga umadutsitsa madzi. Ntchito iyi musaiyambe popanda injiniya wa za mthirira wa ku khonsolo ya boma lanu, komanso chilolezo cha bungwe la National Water Resources Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la za madzi la 2013. Ndipo musanaganize zokweza, yezani matope ndi nsungwi. Kawirikawiri madzi akuthera msanga chifukwa damu ladzaza dothi la m'minda yanu yomwe. Akalozera, vetiva ndi kusiya kulima m'mphepete mwa mtsinje ndi zimene zingaletse dothilo kubwera.

Mayi wina amene dimba lake lili kumunsi kwa khoma akuti: "Patsinde pa khoma pamatuluka madzi chaka chonse, mpaka ndinabzalapo nthochi. Kodi damu likutha?"

Mayi, damu ladothi lililonse limachucha pang'ono. Chofunika kudziwa ndi mtundu wa madziwo. Tengani botolo loonekera mkati, mutunge pamalo pomwe akutulukirapo, muliyike pamthunzi mpaka mawa. Madzi akakhala oyera ndipo pansi pa botolo palibe chakhazikika, musade nkhawa kwambiri, koma pitirizani kuona sabata iliyonse. Mukapeza tidothi takhazikika pansi, kapena madzi akutumphuka ngati kasupe atazunguliridwa ndi kamulu ka mchenga wosalala, ndiye kuti madzi akukumba njira mkati mwa khoma ndipo akutuluka ndi khomalo pang'onopang'ono. Njirayo imakula yokha. Dziwitsani komiti ndi injiniya tsiku lomwelo, atsegule paipi yotulutsira madzi m'damu kuti madzi atsike. Musatseke pamenepo ndi dongo, chifukwa madzi akatsekeredwa amafewetsa khoma lonse n'kukaboola pena. Pamafunika kuyala mchenga, pamwamba pake timiyala ting'onoting'ono, kenako miyala ikuluikulu, kuti madzi azidutsa koma dothi lizitsala. Nthochizo zisunthireni patali, pakuti zikubisa malo amene tiyenera kumawaona, ndipo khasu lisafike patsinde pa khoma.

Pa funso la mitengo, yankho ndi lalifupi: pakhoma pamafunika kapinga yekha, wometedwa. Timitengo ting'onoting'ono zulani. Mtengo waukulu ngati bulugama musangoudula n'kusiya chitsa, chifukwa mizu ikawola imasiya mauna odutsa madzi. Uchotsedwe pakati pa Ogasiti ndi Okutobala madzi atatsika, ndi mizu yomwe, dzenje likwiriridwe motsendera. Chulu cha chiswe ndi mauna a mfuko chimodzimodzi. Ng'ombe zisamayende pakhoma, zimapanga tinjira timene mvula imasandutsa makhwawa. Zimangireni chomwera kumunsi.

A mfumu ena afunsa chifukwa chimene alangizi tikuwerengera nyumba zakumunsi pamene nkhani ndi ya damu. Mfumu, masiku ano kulimba kumene damu liyenera kukhala nako kumayezedwa ndi zimene zingawonongeke litaphulika. Pamene linkamangidwa mwina kumunsi kunali dambo lokhalokha, lero kuli nyumba, sukulu ndi chigayo. Ku Solai, m'dera la Nakuru ku Kenya, damu ladothi la pa famu ina linaphulika usiku wa pa 9 Meyi 2018 mvula itagwa yambiri, ndipo anthu 48 anamwalira, kuphatikizapo ana ambiri. N'chifukwa chake ndikupempha kuti musagawenso malo omanga m'khwawa lakumunsi. Musankhe anthu awiri okhala pafupi oti aziyendera khoma mvula yamphamvu ikagwa, ngakhale usiku, ali ndi tochi ndi foni. Pangalande pazikidwe mtengo wopakidwa penti wosonyeza pamene madzi akafika anthu ayenera kusamuka. Mudzi wonse udziwe chizindikiro, kaya ndi belu la kutchalitchi kaya mluzu, udziwenso chitunda chothawirako ndi amene adzanyamule okalamba. Zimenezi zikambidwe pabwalo mwezi wa Novembala usanafike.