Za misewu ya ku Conwy ndi tchalitchi chapakati chija

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake misewu ya mkati mwa Conwy ndi yowongoka chonchija pomwe matauni ena akale ku Wales ndi okhotakhota. Tauniyi sinakule yokha pang'onopang'ono ayi, anachita kuijambula. Mfumu Edward I ya England itagonjetsa Awelshi, inalamula mu 1283 kuti amange nyumba yaikulu yachitetezo (castle) pamodzi ndi mpanda wamiyala wozungulira tauni, wotalika pafupifupi kilomita 1.3, wokhala ndi nsanja 21 ndi zipata zitatu. Woyang'anira ntchitoyo anali James of St George, mmisiri wochokera ku Savoy. M'kati mwa mpandamo munakhala Angerezi obwera, eni nthaka nkutsalira kunja.

Komatu malowo sanali opanda anthu. Panali nyumba ya amonke ya Aberconwy, kumene anaika m'manda Llywelyn the Great, mtsogoleri wa Awelshi, ndipo Edward anawasamutsira ku Maenan. Tchalitchi chawo ndi St Mary's yomwe mukuiona pakati pa tauni, nchifukwa chake imaoneka ngati misewu ikuilambalala.

Mukamakwera High Street, imani pa Plas Mawr, nyumba yomwe Robert Wynn anayamba kumanga mu 1576. Kwa ine imaposa nyumba yachitetezo yeniyeniyo, makamaka zojambula za pulasitala padenga. Kenako tsikirani kudoko mukaone kanyumba kofiira, kakang'ono kuposa nyumba zonse mu Britain, kotambalala mamita 1.8 okha. Msodzi wamtali zedi ankakhalamo mpaka 1900, kuima chilili mkatimo samatha!