Yankho kwa achemwali ofunsa za mapointi a khadi la ngongole ndi tikiti ya ndege yopita kumudzi

Achemwali, ndaona funso lanu lija. Mwati a kubanki akuimbirani foni kuti mukhoza kulandira khadi la ngongole, ndipo mnzanu wa kuntchito wakuuzani kuti iye mapointi a khadi lotere ndi amene amamulipirira ndege ya ku Blantyre pa Khirisimasi. Ndiye mukufuna kudziwa ngati zili zoona, komanso banki yabwino ndi iti. Ena ayankha kale kuti tengani, ena akuti thawani. Ine makhadi amenewa ndakhala nawo zaka zoposa 10 muno mu Joni, anandiliritsapo ndipo anandithandizaponso, choncho mundilole ndilembe motalikirapo.

Mnzanuyo sakunama, koma nkhani sanaimalize. Mapointi ndi basera. Mukagula mulu wa tomato pamsika wa Limbe, mayi wogulitsa amakuponyerani mmodzi kapena awiri pamwamba, inu n'kuthokoza. Koma palibe amene amagula dengu lonse la tomato amene sakumufuna chifukwa chosirira basera, ndipo palibe amene amakakongola kwa akatapila kuti akagule tomatoyo. Mukagwira mfundo imeneyi, zina zonse ndilembe apazi zikhala zosavuta kumva.

Mabanki akuluakulu onse a kuno ali ndi dongosolo lawolawo. FNB ili ndi eBucks, Standard Bank ili ndi UCount, Nedbank ili ndi Greenbacks, Discovery Bank ili ndi Discovery Miles, pomwe Absa Rewards ndi Live Better ya Capitec amabweza ndalama zenizeni osati mapointi. Choyamba kudziwa n'chakuti nambala imene mumaona pa app si marandi. Ku eBucks ndi ku UCount, mapointi 10 ndi R1. Munthu akakuonetsani foni yake pali mapointi 8,000, musadzidzimuke, imeneyo ndi R800. Ambiri amakopeka ndi manambala ataliataliwo asanagawe ndi 10.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Ganizirani kumene ndalama zanu zimapita pamwezi. Lendi ambirife timalipira pamanja kapena potumiza ku akaunti ya mwini nyumba. Takisi ndi ya kashi. Ya kumudzi timatumiza pa Mukuru kapena njira zina zotere, kapena kupatsira wa basi. Zinthu zitatu zimenezi ndi zimene zimadya malipiro athu, ndipo kawirikawiri sizibala pointi ngakhale imodzi. Chotsala chimene mungaswayipe ndi golosale, mankhwala, magetsi, eyataimu, ndi petulo ngati muli ndi galimoto. Tiyerekeze kuti zimenezi zikukwana R5,000 pamwezi, ndipo banki ikukubwezerani R1 pa R100 iliyonse. Ndiye kuti mwapeza R50 pamwezi, R600 pachaka. Lowani pa intaneti lero lomwe muone mtengo wa tikiti yochokera pa bwalo la ndege la OR Tambo kuno ku Joni kupita ku Chileka kapena ku Kamuzu pakati pa Disembala, kupita ndi kubwera, muone kuti R600 ikufika pati. Pamwamba pake khadilo lili ndi ndalama imene banki imadula mwezi uliwonse kaya mwaligwiritsa ntchito kaya ayi, ina yotsegulira, ndipo madongosolo ena a mapointi amalipiritsanso umembala. Mukachotsera zonsezi, ena amapezeka kuti akulipira zambiri kuposa zimene akulandira.

Nanga mnzanuyo zimamuyendera bwanji? Mukamufunsitsa mupeza chimodzi mwa izi. Mwina ali ndi galimoto ndipo amathira petulo wambiri pamalo ogwirizana ndi banki yake, monga Engen kwa a eBucks. Mwina amagulira bizinesi kapena abwana ake zinthu ndi khadi lake n'kubwezeredwa ndalama. Kapena ali pa levulo yapamwamba. eBucks ili ndi malevulo kuyambira 1 mpaka 5, ndipo wa pa 5 amalandira zochuluka kwambiri kuposa wa pa 1 ngakhale atagula zinthu zofanana. Kukwera levulo si mwayi ayi. Banki imayang'ana kuti malipiro anu amalowa kwa iwo, muli ndi akaunti yosungira, mwina inshuwalansi yawo, mumagwiritsa ntchito app, ndi zina zotero. Mwachidule amapatsa zambiri kwa amene wawapatsa moyo wake wonse wa zachuma. Malamulo amenewa amasinthidwanso pafupifupi chaka chilichonse, ngakhale mashopu ogwirizana nawo amasintha. Zimene mnzanu anapeza zaka ziwiri zapitazo si zimene mudzapeze inu.

Koma chimene chandichititsa kulemba si kuchepa kwa mapointi. Ndi chiwongoladzanja. Malamulo a ngongole a dziko lino, pansi pa National Credit Act ya 2005, amalola banki kulipiritsa pa khadi la ngongole mpaka repo rate, chimene ndi chiwongoladzanja chimene Reserve Bank ya South Africa imalipiritsa mabanki akakongola kwa iyo, kuwonjezerapo 14 pa 100 pachaka. Zaka zino zimenezi zakhala zikufika pa 20 pa 100 kapena kupitirirapo. Mukakhala ndi ngongole ya R10,000 pa khadi, chiwongoladzanja chokha ndi pafupifupi R170 pamwezi. Yerekezani ndi R50 ya mapointi ija. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ine ndinaziphunzira ndi misozi. Chaka chimene mayi anga anamwalira ku Mulanje, uthenga unandipeza usiku ndili ku Turffontein. Basi ikanandifikitsa maliro ataikidwa kale, choncho ndinagula tikiti ya ndege ya m'mawa mwake ndi khadi la ngongole la banki ina imene ndinali nayo masiku amenewo. Pa chimenecho sindidandaula, ndinawaona mayi anga komaliza, ndipo popanda khadilo sindikanafika. Cholakwika chinabwera pambuyo. Nditafika kumudzi ndinatapanso ndalama pamakina ndi khadi lomwelo za bokosi, ufa, ndiwo ndi mayendedwe a abale. Sindinkadziwa kuti ndalama yotapa pamakina imayamba kubala chiwongoladzanja tsiku lomwelo, ilibe masiku achisomo opanda chiwongoladzanja, ilibenso mapointi, ndipo kunja kwa dziko amadulanso ina yosinthira ndalama. Nditabwerera ku Joni ndinayamba kulipira kandalama kochepa kaja amalemba pa sitetimenti kuti minimum. Mwezi uliwonse ndinkalipira mokhulupirika, koma ngongole inkangosuntha pang'ono ngati nkhono. Zinanditengera pafupifupi zaka ziwiri kuti ndimalize, ndipo nthawi yonseyo ya fizi ya ana a mchemwali wanga inkachedwa. Mapointi amene ndinapeza pa tikiti ija sakanagula ngakhale thumba la ufa la makilogalamu 10.

Tsono khadi limeneli limathandiza munthu wa mtundu umodzi yekha: amene amalipira ngongole yonse ya pa sitetimenti mwezi uliwonse tsiku lisanakwane. Mukatero, mabanki ambiri amakupatsani masiku ofika 55 opanda chiwongoladzanja pa zinthu zogula, ndipo apo basera lija limakhaladi lanu. Ine masiku ano ndinauza banki kuti izidula yokha ndalama yonse, osati minimum, tsiku lotsatira malipiro akalowa. Ndimaswayipa zokhazo zimene ndikanagula ngakhale khadilo likanapanda kukhalapo. Pa thilu akandifunsa kuti straight kapena budget, ndimati straight nthawi zonse, chifukwa budget ndi ngongole yolipira pang'onopang'ono ndipo ili ndi chiwongoladzanja chake. Limiti ndinapempha yaing'ono, yosaposa theka la malipiro anga, ndipo akaimba kuti andikwezere ndimakana. Achemwali, dzifunseni moona mtima. Ngati pofika pa 20 mwezi uliwonse m'thumba mumakhala mutauma, khadili lidzasanduka malipiro achiwiri amene simunagwirire ntchito, ndipo mudzawabweza ndi ana ake. Zikatero ndi bwino mulisiye kaye. Madongosolo ambiriwa amapatsako mapointi ngakhale pa khadi wamba la akaunti ya malipiro, ochepa inde, koma opanda ngongole. Yambirani pamenepo.

Za banki yabwino, yankho langa ndi lakuti yambani ndi imene malipiro anu amalowa kale. Musasamuke chifukwa cha mapointi musanawerengere ndalama zimene amadula pamwezi. Funsani kuti shopu imene mumagulako golosale ndi yogwirizana nawo kapena ayi, mapointi amatha nthawi kapena satha, ndipo pali malire a mapointi amene mungapeze pamwezi kapena palibe. A eBucks amanena kuti awo satha nthawi, koma musaganize kuti ndi onse.

Tsopano za kugwiritsa ntchito mapointiwo paulendo. Pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Mapointi a banki ali ngati ndalama: mumalowa mbali ya maulendo pa app kapena pa webusaiti yawo, mumasankha ndege, ndipo polipira mumaika mapointi, chotsala n'kuwonjezera ndi khadi. Simufunika kudikira kuti akwane tikiti yonse. Mtundu wachiwiri ndi mamailosi a kampani ya ndege, monga Voyager ya South African Airways (SAA) kapena Skybucks ya Airlink. Amenewa mumawapeza mukamauluka, ndipo kulembetsa kwake n'kwaulere, choncho lembetsani ndithu ngakhale mumakwera kamodzi pachaka. Koma mamailosi amadalira kuti kampaniyo ikuuluka njira yanu. Tonse tikukumbukira kuti SAA inalowa m'mavuto a zachuma mu Disembala 2019, kenako inakhala miyezi yambiri ndege zili pansi mpaka Seputembala 2021. Kwa ife amene timangofuna Blantyre kapena Lilongwe, ndimaona kuti mapointi a banki ndi otetezeka chifukwa sanamangiriridwe ku ndege imodzi.

Musanalipire, tsegulani mawebusaiti a Malawi Airlines ndi Airlink muone mtengo wa tsiku lomwelo, n'kuyerekeza ndi wa pa app ya banki. Nthawi zina kuchotsera kumene amalengeza kumakhudza mtengo wa tikiti wokha, osati misonkho ya pabwalo, ndipo kumakhala kwa ndege zosankhika, makamaka za m'dziko muno. Onaninso makilogalamu a katundu amene tikitiyo ikulola, ndi ndalama yosinthira tsiku. Ife sitipita kumudzi ndi kachikwama kamodzi. Ndipo chinthu chimene chimatsitsa mtengo kwambiri kuposa mapointi onse ndi nthawi yogulira. Tikiti ya Disembala ndimagula mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo ndikatha kupempha tchuthi ndimanyamuka kumayambiriro kwa mwezi sukulu zisanatseke, kapena ndimadikira pakati pa Januwale. Chaka chatha mapointi amene ndinasunga miyezi 18 anandichotsera pafupifupi R1,400. Yotsalayo inachokera ku chipereganyu chimene timachita anthu asanu ndi mmodzi a kutchalitchi kwathu, ndinapempha kuti mwezi wanga wolandira ukhale Ogasiti. Ndinalipira ndi khadi kuti ndipeze mapointi ndi inshuwalansi ya paulendo imene mabanki ambiri amapereka mukagula tikiti ndi khadi lawo, ndipo tsiku lomwelo ndinathira ya chipereganyu ija m'khadimo.

Mukafika kumudzi, khadilo libiseni pansi pa chikwama. Kuswayipa kapena kutapa ku Malawi kumadutsa pa mtengo wa banki wosinthira ndalama, kuwonjezerapo ina imene banki ya kuno imadula. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo kwathu imathamanga, ndipo abale akaona khadi amaganiza kuti ndi chitsime. Ndalama yokadya kumudzi ikonzeni padera musananyamuke.

Pa mapepala, banki idzafuna pasipoti, pemiti yogwira ntchito imene sinathe, umboni wa kumene mukukhala, ndi mapeyisilipi kapena sitetimenti ya miyezi itatu, chifukwa lamulo limawakakamiza kuona ngati mungathe kubweza. Foni imene anakuimbirani si chivomerezo. Ndipo poti mwatchula foni, chonde chenjerani. Pali akuba amene amaimba kapena kutumiza uthenga kuti mapointi anu atha mawa, dinani apa muwaombole. Mukadina amakufunsani nambala ya khadi ndi OTP, nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi imene banki imakutumizirani pafoni. Banki sifunsa OTP kapena PIN pafoni. Dulani foniyo, mupite nokha ku nthambi ya banki ndi pasipoti yanu, kapena muimbe nambala imene ili kumbuyo kwa khadi lanu. Mulinso ndi ufulu woona lipoti la mbiri yanu ya ngongole kwaulere kamodzi pachaka ku mabungwe ngati TransUnion ndi Experian, ndi bwino muliwone musanapemphe.

Ngati Disembala uno ndalama ya ndege palibe, musachite manyazi ndi basi. Ine ndakwera kambirimbiri kuchokera pa Park Station, kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Miyendo imatupa ndipo pa boda mumachedwa, koma mumafika ndi katundu wanu yense, opanda ngongole yokudikirani mu Januwale pamene lendi ndi fizi zikugogoda pakhomo. Mukafuna, lembani pansipa ndalama zimene mumaswayipa pamwezi ndi zimene banki yanena kuti izidula, osaika nambala ya akaunti kapena ya khadi, tiwerengere limodzi madzulo ano ndikaweruka.