Kodi nzeru zopeka zatsopano n'zobadwa nazo? Yankho kwa mayi wosoka zovala

Mayi wina amene amasoka zovala pakhonde la sitolo wanditumizira imelo. Akuti wakhala pa makina kwa zaka zambiri ndipo makasitomala samudandaula, koma masiku ano diresi iliyonse imene akusoka ikufanana ndi yadzulo. Atsikana ongoyamba kumene akutulutsa masitayilo amene iye sakanawalota n'komwe. Funso lake ndi ili: "Kodi nzeru zopeka zatsopano munthu amabadwa nazo, kapena mutu wanga wauma? Ngati pali chimene ndingachite, ndiuzeni."

Mayi, zikomo polemba. Mutu wanu sunaume ayi. Chimene chakugwirani mwendo ndi luso lanu lomwelo, ndipo zimenezi zimagwera aliyense amene waidziwa bwino ntchito yake, kaya ndi kalipentala, mphunzitsi kapena woyimba. Madzi a mvula akakumba ngalande, chaka chamawa amadutsanso momwemo. Manja anu anapeza kale njira yodulira bulauzi yosawononga nsalu, ndiye sakudikiranso kuti muganize.

Katswiri wina woona za kaganizidwe ka anthu, Abraham Luchins, anasonyeza zimenezi ku America mu 1942. Ankapatsa anthu masamu a mitsuko itatu. Mwachitsanzo, wina wolowa makapu 21, wina 127, wina 3, n'kuwauza kuti apime makapu 100. Njira yake n'kudzaza mtsuko waukulu, kutapamo kamodzi ndi wa 21, kenako kawiri ndi kakang'ono kaja. Mafunso angapo otsatira ankayankhidwa chimodzimodzi. Ndiyeno anawapatsa mitsuko ya 23, 49 ndi 3 kuti apime makapu 20. Apa munthu akhoza kungodzaza wa 23 n'kutapamo 3, basi watha. Koma ambiri amene anazolowera njira yaitali ija anaitsatirabe, pomwe amene anayambira pa funso limeneli anaiona njira yachidule mosavuta. Atafika pa funso limene njira yakale inkakanika, la mitsuko ya 28, 76 ndi 3 pofuna makapu 25, ambiri anagwira njakata ngakhale yankho linali pamphuno.

Taonani kuti njira yakaleyo sinali yolakwika. Inkagwira ntchito, n'chifukwa chake anthu analeka kufunafuna ina. Atsikana aja sakukuposani nzeru, kungoti alibe njira imene anaizolowera.

Pali msampha winanso umene Karl Duncker wa ku Germany anaufufuza m'zaka za m'ma 1930. Ankapereka kandulo, machesi ndi kabokosi kodzaza timisomali, n'kunena kuti kanduloyo aimike pakhoma. Yankho n'kukhuthula timisomalito, kukhomera kabokosi kukhoma, n'kukhazikamo kandulo. Ambiri sankaliona chifukwa kwa iwo kabokosi kanali kosungira misomali basi. Akapereka kabokosi kopanda kanthu, misomali ili pambali, ochuluka ankalipeza. Tikazolowera ntchito ya chinthu, timasiya kuona chinthucho.

Kuno kwathu tili ndi umboni woposa wa m'mabuku. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka pafupifupi 14. Anatola fani ya thalakitala, felemu ya njinga, dainamo ndi mapaipi a pulasitiki amene anawawamba pamoto n'kuwaphwatalitsa kuti akhale mapiko. Anthu ankamuyesa wamisala. Iye poona paipi sanaime pa zoti ndi yodutsamo madzi. Anaona chinthu chopepuka, cholimba, chotheka kupindika chikatentha. Mwana wopanga galimoto yamawaya amachita zomwezo, monganso wosula koloboyi kuchokera ku chitini kapena wodula nsapato pa tayala lakutha. Chimandipweteka n'chakuti luso limeneli timalitcha la umphawi, ndipo tikangopeza kangachepe timalitaya, pomwe ndilo gwero la zopeka zonse.

Tsono mungatani? Ine sindikhulupirira zodikira kuti nzeru zikutsikireni tsiku lina. Chimene ndikudziwa kuti chimathandiza ndi chizolowezi chaching'ono chochita kawirikawiri: mukapeza njira yoyamba, musadule msanga, funani yachiwiri ndi yachitatu. Kasitomala wabweretsa chitenje, m'mutu mwanu mwabwera kale sitayilo. Isungeni. Tengani kope ndi pensulo mujambule zina ziwiri musanagwire sizasi. Zoyamba zidzakhala zoipa, ndipo zina simudzazisoka mpaka kalekale. Zilibe kanthu. Mukuphunzitsa mutu kuti usamaime pa yankho loyamba, ndipo ntchito imeneyi siidya ngakhale mphindi khumi.

Kenako yang'anani zinthu za patebulo panu ngati kabokosi ka Duncker kaja. Zipi musaione ngati chotsekera chokha: ndi mzere wowala umene ungakongoletse phewa. Mphepete mwa chitenje, mmene muli malemba a fakitale, ambiri amadula n'kutaya, koma ndi nsalu yosasosoka imene ingakhale lamba kapena mkombero wa thumba. Zidutswa zimene mumasesa madzulo zikhoza kukhala kolala, chikwama, kansalu komangira tsitsi. Njira yabwino yoyeserera n'kufotokoza chinthu osatchula ntchito yake, kungonena kuti n'chachitali bwanji, n'cholimba bwanji, chimapindika kapena ayi.

Dziikireninso malire mwadala. Lero sokani siketi yopanda zipi ndi mabatani. Mawa gwiritsani nsalu ya mita imodzi yokha. Zikumveka ngati kudzivutitsa, koma njira yozolowera ikatsekedwa m'pamene mutu umayamba kugwira ntchito. Ndipo kaunjika, amene atelala ambiri amamuona ngati mdani, ndi sukulu yotsika mtengo. Gulani jekete kapena diresi yosokedwa mwachilendo, isosoleni msoko ndi msoko, muone mmene anaidulira anthu a kutali.

Za atsikana aja, musawaope. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Itanani mmodzi, mumuphunzitse kusoka msoko wowongoka ndi kupima thupi bwino, zimene ongoyamba ambiri zimawavuta, iye akuonetseni zimene akuona pa foni yake. Akakufunsani kuti "bwanji mumadula chonchi?", musayankhe kuti ndi mmene timachitira. Funso limenelo ndi lamtengo wapatali, chifukwa nthawi zina mudzapeza chifukwa chenicheni, nthawi zina mudzapeza kuti palibe.

Chinanso n'chokhudza thupi. Telala amakhala pampando tsiku lonse, maso ali pa singano. Mu 2014, Marily Oppezzo ndi Daniel Schwartz a pa yunivesite ya Stanford anapeza kuti anthu akamayenda amatulutsa maganizo atsopano ochuluka kuposa akakhala pansi, mwina ndi 60 peresenti, ngakhale akuyenda pa makina olimbitsira thupi m'chipinda moyang'anizana ndi khoma. Koma pa mafunso ofuna yankho limodzi lolondola, kuyenda sikunathandize. Choncho sitayilo ikakukanikani, nyamukani mukazungulire msika. Zopima ndi zowerengera muzichita mutakhala pansi.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, poti ntchitoyi ndi imene imakudyetsani. Musayeserere pa nsalu ya kasitomala. Mayi amene wabweretsa chitenje cha ukwati wa mwana wake akufuna chimene wanena, ndipo amene amakonda sitayilo yanu yakale musokereni yomweyo mosanyinyirika. Yunifolomu ya sukulu nayo sifuna zopeka. Zoyesera zanu zizikhala pa zidutswa, pa nsalu yotsika mtengo ndi pa zovala zanu zomwe. Sokani diresi imodzi mwa zimene munajambula m'kope muja, muivale popita ku tchalitchi kapena ku chinkhoswe, mumve zimene amayi anzanu anene. Akafunsa kuti anakusokerani ndani, sitayilo imeneyo ipachikeni pakhonde Lolemba. Akapanda kufunsa, tsegulani kope musoke yotsatira.