Laputopu idikire kaye, koma mwanayo musamuletse

Achemwali, mwafunsa za mnyamata wanu wa Fomu 2 amene amangokhalira kubwereka foni yanu, lero programming (kulemba mapulogalamu a kompyuta), mawa maroketi, usiku nyimbo za mavayolini zakalekale zija. Mukuopa kuti sukulu imuthawa, ndipo mukufuna kudziwa ngati mungatenge ngongole ya banki m'khonde kuti mumugulire laputopu. Ine ndikuti ngongoleyo musatenge, koma mwanayo musamuletse.

Zitatu zonsezi muzu wake ndi masamu. Ndiye mugwirizane naye kuti foni aziigwira akamaliza ntchito ya Mathematics ndi Physics. Ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre kapena ku UNIMA ku Zomba adzayang'ana mmene wakhozera MSCE.

Pa programming, foni ya Android ndi yokwanira poyambira. Aikemo app ya Pydroid 3 n'kuyamba kuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Bandulo imafunika poikapo basi, kenako amalemba ndi kuyesa mapulogalamu ake popanda intaneti. Magetsi akathima alembe m'kope ndi pensulo, adzayese akayaka. Muzimupatsa ntchito zenizeni: mwagula ndowa zingati za usipa, pa ndalama zingati, mwalipira zingati pa mayendedwe, phindu latsala zingati. Akadandaula kuti foni ndi yochepa, mumuuze kuti kompyuta imene inathandiza chombo cha Apollo 11 kutera pamwezi mu 1969 inali yofooka kutalitali kuposa foni yanuyo, ndipo gulu limene linalemba mapulogalamu ake linkatsogoleredwa ndi mayi, Margaret Hamilton.

Koma chimene ndikukupemphani kwambiri n'choti mupite naye kunyanja madzulo amodzi. Ife kuno ku Mangochi tili ndi thambo limene anzathu a m'tauni alibe, makamaka miyezi yopanda mvula. Mukamuonetse International Space Station, siteshoni ya m'mlengalenga imene mumakhala asayansi. Imayenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, paliwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndipo imazungulira dziko lonse m'mphindi pafupifupi 90. Imaoneka ndi maso enieniwa, dzuwa likangolowa kapena m'bandakucha. App ya Spot the Station ya NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, imakuuzani tsiku, nthawi ndi mbali yoyang'ana.

Ine ndinapita ndi mwana wa mlongo wanga kugombe ku Makawa mu Julaye, mwera ukuwomba, asodzi akukonza nyali zawo za usipa. Tinadikira titafunda zitenje. Nthawi itakwana inatulukira ngati nyenyezi yowala kwambiri, yosaphethira ngati ndege, yopanda phokoso, ikuyenda myaa pamwamba pa madzi. Patapita mphindi zochepa inazimiririka isanafike n'komwe kumapiri, chifukwa inalowa mumthunzi wa dziko. Mwanayo anangoti kukamwa yasa. Nditamuuza kuti mkatimo muli anthu amene amaona dzuwa likutuluka ka 16 pa tsiku, anatenga kamtengo n'kuyamba kugawa maola 24 ndi mphindi 90 pamchenga pomwepo kuti atsimikize yekha. Sindinamutume.

Za nyimbozo musade nkhawa ngakhale pang'ono. Ngati mumapemphera kumene kuli kwaya, alowe, aphunzire do re mi ndi kuwerenga manotsi kwa amene amaimba kiyibodi, n'zaulere. Nazonso ndi masamu: noti ya A imanjenjemera ka 440 pa sekondi, A wapamwamba pake ka 880. Angathe kulemba kapulogalamu kowerengera manotsi enawo. Mumuuzenso izi, asangalala: zombo za m'mlengalenga za Voyager zimene zinanyamuka mu 1977 zinatenga chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi nyimbo zakalekale zija za Bach, Mozart ndi Beethoven pamodzi ndi za mitundu ina ya anthu, ndipo Voyager 1 ndiye chinthu chopangidwa ndi munthu chimene chafika kutali kwambiri ndi dziko lathu.

Laputopu muiganizire pakatha miyezi isanu ndi umodzi, mukaona kuti kope lija ladzaza ndipo magiredi a masamu sanatsike. Yakaunjika ndi yokwanira. Pogula mupite ndi munthu wodziwa, aizule pamagetsi muone kuti batire ikukhala nthawi yaitali bwanji, ayesenso mabatani onse limodzilimodzi musanapereke ndalama.