Zithunzi anthu akuyamikira, koma foni siikulira: yankho kwa wojambula wa ku Chibavi

Wojambula wina wa ku Chibavi, mu mzinda wa Mzuzu, watilembera pa imelo. Akuti kamera ali nayo yabwino, amajambula maukwati, zinkhoswe ndi magraduweshoni, ndipo pafupifupi tsiku lililonse amaika zithunzi pa Facebook ndi pa status ya WhatsApp. Oyamikira ndi ambiri, koma omupatsa ntchito ndi ochepa. Akufunsa kuti aziika chiyani kuti makasitomala azimufuna.

Achimwene, taonani kaye amene akuyamikirawo. Ndi abale ndi anzake a mkwatibwi amene ukwati wake unachitika kale. Munthu amene mukumufuna ndi wina: mtsikana amene ukwati wake ukubwera miyezi inayi kutsogoloku, kapena wapampando wa komiti amene wagwira bajeti. Ameneyu ali ndi mafunso, ndipo ambiri amachita manyazi kufunsa. Wojambula amene wayankha mafunsowo poyera, asanafunsidwe, ndi amene amaimbiridwa foni. Ndiye pa zithunzi zanu muziwonjezapo zolemba zoyankha.

Funso loyamba ndi la mtengo. Ojambula ambiri amalemba kuti "bwerani ku inbox", ndipo kasitomala amangoganiza kuti ndi zodula, n'kupita kwina. Lembani mapakeji atatu basi. Pa iliyonse nenani maola amene mudzakhalepo, chiwerengero cha zithunzi zokonzedwa, ngati pali alubamu kapena fulemu, tsiku lolandirira, ndi ndalama ya thiransipoti ngati mwambo uli kunja kwa tauni monga ku Ekwendeni kapena ku Rumphi. Nenaninso za dipoziti: theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo tsiku lisungidwa pokhapokha dipoziti italowa. Popeza mitengo ya zinthu ikusinthasintha, lembani mwezi umene mitengoyo ithere ntchito, apo ayi wina adzakutulutsirani screenshot ya chaka chatha.

Nkhani imene imakoka anthu kwambiri ndi ya malo ndi nthawi, chifukwa wojambula wa ku Lilongwe sangailembe bwino ngati inu. Tengani ya kunyanja. Maanja ambiri a mu Mzuzu amafuna zithunzi za ku Nkhata Bay, ulendo wa makilomita pafupifupi 50 pa msewu wokhotakhota. Chimene sadziwa n'chakuti kumeneko nyanja ili kum'mawa. Mukawaimika m'mamawa nyanja ili kumbuyo kwawo, dzuwa limakhalanso kumbuyo, nkhope zimada pokhapokha mutagwiritsa ntchito flash kapena reflector, chipangizo chobwezera kuwala kumaso. Madzulo dzuwa limawala kumaso, madzi amaoneka obiriwira bwino, koma mapiri a kumadzulo amalibisa msanga. Choncho alangizeni kunyamuka mu tauni 1 koloko kapena 2 koloko, kuti kujambula kuyambe cha m'ma 3:30. Lembani zimenezi, ikaniponso zithunzi ziwiri za malo amodzi, cha m'mawa ndi cha madzulo. Wowerenga aona yekha kuti mumaidziwa ntchito.

Chimodzimodzi nyengo ya kuno. Mzuzu ali pamtunda, mvula imachedwa kusiya, ndipo mu Juni ndi Julaye kumazizira, nthawi zina kumachita chifunga ndi mvula yowaza. Dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 m'miyezi imeneyo. Akwati amaopa mitambo, pomwe kwa wojambula mitambo ndi mwayi: kuwala kumafewa, anthu satsinzina, ndipo diresi loyera silimeza nkhope. Dzuwa la 12 koloko, nthawi imene anthu amatuluka m'tchalitchi, ndiye loipa: maso amalowa mu mthunzi, chipumi chimanyezimira. Lembani pulogalamu ya tsiku la ukwati yosonyeza kuti zithunzi za akwati zimafuna mphindi 40, pamthunzi, asanalowe mu holo. Makomiti amakonda zolemba zotere, amazitumiza m'magulu awo a WhatsApp, dzina lanu likuyenda nazo.

Za kaikidwe ka zithunzi: lekani kuika chimodzi chimodzi cha maukwati osiyana. Sankhani mwambo umodzi, muike zithunzi 12 kapena 15 motsatana, kuyambira kovala mpaka pa perekaniperekani. Chithunzi chimodzi chokongola aliyense amachipeza mwamwayi. Kasitomala akufuna kuona ngati mumatha kujambula mu holo ya mdima anthu akuvina osaoneka mbuu, ngati agogo ndi ankhoswe mumawakumbukira. Tchulani holo, tchalitchi, wokongoletsa ndi wophika keke. Iwo adzagawana ndi anthu awo, ndipo makasitomala awo ndi anu omwe.

Koma musaike popanda chilolezo. Onjezani mzere umodzi pa pepala la mgwirizano wofunsa ngati akulola kuti zithunzi zawo zionekere poyera. Ena salola, makamaka za bridal shower, za amayi oyembekezera ndi za ana. Mzuzu ndi tauni yaing'ono, mbiri yoti mumaulutsa zithunzi za anthu imafika ku Luwinga ndi ku Mchengautuwa tsiku lomwelo.

Nthawi yoikira nayo imawagwetsa ambiri. Nkhani ya graduweshoni ya ku Mzuni kapena ku University of Livingstonia muziilemba masabata atatu mwambo usanachitike, osati utatha. Nenani pomwe mudzaime, nthawi imene banja lonse lingajambulidwe popanda chipwirikiti, ndi masiku angati zithunzi zidzatuluke. Za maukwati yambani kulemba mvula isanathe, chifukwa a m'chilimwe amasankha wojambula kukadali miyezi. Kamodzi pa sabata n'kokwanira, bola osadumphitsa.

Tsopano zing'onozing'ono zimene zimaononga ntchito yabwino. WhatsApp imapanikiza zithunzi, choncho kwa kasitomala tumizani ngati document, kapena pa Google Drive. Za pa Facebook zichepetseni nokha pa kompyuta mbali yaitali ikhale mapikiselo 2048, sizitaya kuwala kwenikweni ndipo sizidya bandulo ya owerenga. Watermark, chidindo cha dzina lanu pa chithunzi, ikhale yaing'ono pakona, osati pamimba pa mkwatibwi. Status imafufutika pakatha maola 24 ndipo imaonedwa ndi okhawo amene ali kale ndi nambala yanu, ndiye isakhale nkhokwe yanu. Zolemba zikhale pa peji yanu ya Facebook, status izingolozera kumeneko. Tsegulaninso Google Business Profile, ndi yaulere, kuti munthu wa ku Blantyre kapena ku Johannesburg amene akukonza ukwati wa kwawo akalemba "photographer in Mzuzu" akupezeni. Mawu akuti Mzuzu azipezeka pa mutu wa cholemba chilichonse.

Chiyankhulo lembani chimene makasitomala anu amakulemberani nacho, kaya Chichewa, Chitumbuka kapena chosakaniza ndi Chingerezi. Ndipo aliyense woimba foni muzimufunsa kuti wakudziwani bwanji, n'kulemba m'kabuku. Pakatha miyezi itatu muwerenge: ngati ambiri akutchula nkhani ya kunyanja ija, lembani ina ya ku Chintheche.