Funsani Amakaniko: 105, Ultegra kapena Dura-Ace, ndalama ipite pati?

Akuluakulu a zanjinga, ndikufuna kuitanitsa njinga yothamanga kuchokera ku Johannesburg. Fulemu ndi yomweyo, koma zida zake zilipo zamitundu itatu: Shimano 105 Di2, Ultegra Di2 ndi Dura-Ace Di2. Ndimalemera makilogalamu 75, ndimatchova Loweruka ndi Lamlungu basi, kawirikawiri kutsetsereka ku Chikwawa n'kukweranso pa Thabwa. Anzanga akuti ndigule Dura-Ace kamodzin'kamodzi kuopa kudzanong'oneza bondo. Ndiwamvere? Wowerenga wa ku Blantyre

Musawamvere, akulu. Pa katchovedwe mwafotokozaka 105 ikukwanirani, Ultegra mungatenge ngati m'thumba muli bwino, koma Dura-Ace anaipangira anthu amene kutchova ndi ntchito yawo, amene tcheni chikatha wogula china ndi timu.

Kwa amene sakuzidziwa, mayinawa ndi a groupset, ndiko kuti zida zonse zoyendetsa ndi kuimitsa njinga: zogwirira za pa handulo zomwe zimasintha magiya n'kugwiranso mabuleki, ma derailleur awiri okankha tcheni kutsogolo ndi kumbuyo, crank (mikono ya mapedulo pamodzi ndi masipuloketi akutsogolo), tcheni, cassette ya masipuloketi akumbuyo, ndi mabuleki. Di2 ndi ija yosintha magiya ndi timota tamagetsi m'malo mwa waya wokoka. Dura-Ace R9200 ndi Ultegra R8100 zinatulukira limodzi mu 2021, 105 Di2 inatsatira mu 2022, ndipo zonse zitatu zili ndi masipuloketi 12 kumbuyo.

Chimene mumalipira kwambiri mukamakwera kuchoka pa 105 ndi kupepuka. Dura-Ace yonse imalemera makilogalamu pafupifupi 2.5, Ultegra cha m'ma 2.7, pomwe 105 Di2 imayandikira 3. Ndiye kusiyana kwa yapamwamba ndi yapansi n'kongofanana ndi botolo la madzi la 500 ml limene mumaika pa fulemu osadandaula. Tiwerengere ndi thupi lanu. Inuyo 75, njinga 8, pamodzi makilogalamu 83. Magalamu 200 mpaka 250 osiyanitsa Ultegra ndi Dura-Ace ndi pafupifupi 0.3 peresenti ya katundu yense, choncho pa chitunda chokwera ola lathunthu mungapulumutse masekondi 11 osapitirira. Pamalo athyathyathya ngati msewu wa ku Nchalo simupeza kanthu n'komwe. Koma mtengo wa Dura-Ace umawirikiza kawiri wa 105 Di2, mwinanso kuposa, tisanawerenge msonkho wolowetsera katundu m'dziko.

Magalamuwo amawachotsa pati? Masipuloketi akuluakulu a cassette ya Dura-Ace ndi a titanium, mapini a tcheni chake ndi amphako, ndipo m'malo ambiri muli carbon. Titanium ndi yopepuka, koma mano ake amadyeka msanga kuposa achitsulo a Ultegra ndi 105, makamaka m'miyezi ya fumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Mukhala mukugula cassette yodula kwambiri, yomwenso ikutha msanga. Apa ndi pamene mawu a anzanuwo akugwera, chifukwa tcheni, cassette ndi mapadi a mabuleki sizigulidwa kamodzi.

Pa kasinthidwe ka magiya, Ultegra ndi Dura-Ace zimayenda ndi umisiri umodzi, moti wina atamata zilembo simungadziwe yomwe mwakwera. Pakati pa 105 ndi Ultegra ndiye pali zosiyana zenizeni, ndipo ndi bwino muzidziwe musanalipire. Derailleur yakutsogolo ya 105 ndi yokulirapo ndipo imachedwerako pang'ono pokweza tcheni. Zogwirira zake zilibe timabatani tapamwamba tija tosinthira masamba a kompyuta ya pa handulo, komanso zilibe pobaya mabatani owonjezera amene anthu a mpikisano amaika pansi pa handulo. Mabuleki a Ultegra ndi Dura-Ace ali ndi Servo Wave, yomwe imafikitsa mapadi pa disiki msanga, kenako mphamvu n'kumawonjezereka pang'onopang'ono pamene mukufinya. Potsetsereka ndi makona ngati a pa Thabwa dzanja limamva kukoma kwake, koma 105 nayonso imaimitsa njinga bwinobwino. Chinanso, 105 Di2 ilipo ya mabuleki a disiki okha.

Pali chinthu chimodzi chimene 105 imaposera akulu ake, ndipo kwa munthu wokonda mapiri n'chachikulu kuposa zonse tanenazi. Derailleur yake yakumbuyo imalandira cassette ya 11-36, ndiko kuti masipuloketi a mano 11 mpaka 36, pomwe ya Ultegra ndi Dura-Ace malire ake ndi mano 34. Njinga zambiri za Ultegra ndi Dura-Ace zimachoka m'sitolo ndi 52/36 kutsogolo ndi 11-30 kumbuyo. Pa tayala la 700x28, lomwe likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.13, giya yopepukitsitsa ya 36 ndi 30 imafuna kuti muzithamanga makilomita 10.7 pa ola ngati miyendo ikuzungulira ka 70 pa mphindi. Ndi 34 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, liwiro lomwe likufunika limatsika kufika pa 8.9. Pa chikweza cholimba, mutatopa kale ndi kutentha kwa ku Chigwa cha Shire, kusiyana kumeneku ndi kumene kumapangitsa wina kukwera atakhala pa chishalo, wina n'kumadzikoka ataimirira mawondo akulira. Musaope kuti 50/34 kutsogolo ikuchepetsani liwiro: 50 ndi 11, miyendo ikuzungulira ka 90, ndi makilomita 52 pa ola. Ndiye poitanitsapo funsani kaye manambala a mano, dzina lidzabwere pambuyo.

Ndalama yotsalayo gulirani matayala abwino a mamilimita 28 kapena 30, chifukwa pa phula lokumbikakumbika ndi amene amasintha kayendedwe ka njinga kuposa chida china chilichonse. Onjezerani matcheni awiri apadera, mapadi a mabuleki, ndi hanger yapadera, kachitsulo kofewa kaja kamene derailleur yakumbuyo imamangidwapo. Hanger imasiyana malinga ndi fulemu, ndipo ikathyoka njinga ingathe kukhala miyezi m'nyumba mukudikira katundu. Ikatsalabe ina, ganizirani za mawilo.

Ndapeza njinga ya kaunjika yokhala ndi Dura-Ace 9000 ya masipuloketi 11. Mtengo wake ukufanana ndi ina yatsopanoko ya 105 R7000. Si mwayi umenewu? Wowerenga wa ku Zomba

Ungakhale mwayi, koma musapereke ndalama musanaone crank. Mu Seputembala 2023 a Shimano analengeza kuti ma crank ena a masipuloketi 11 ali ndi vuto: Ultegra FC-6800 ndi FC-R8000, komanso Dura-Ace FC-9000, FC-R9100 ndi FC-R9100P, opangidwa Julaye 2019 asanafike. Ku North America kokha anali okwana 760,000. Ma crank amenewa ndi zigamba ziwiri zamphako zomatidwa ndi guluu, ndipo chinyontho chikalowa pa msoko zimayamba kumatuka mpaka kulekana munthu akuponda mwamphamvu. Ya 105 sinali m'gululi.

Kuti mudziwe, yang'anani kuseri kwa mkono wa crank, pafupi ndi bowo la pedulo. Pali zilembo ziwiri zosonyeza nthawi yomwe inapangidwa, ndipo zokhudzidwa zimayambira pa KF kukathera pa RF. Zikakhala m'menemo, tsukani crank, masulani masipuloketi akutsogolo, muunike ndi tochi m'mphepete monse. Kampata kolowa chikhadabo, mng'alu ngakhale wochepa, ufa woyera wa dzimbiri la aluminiyamu, kapena kulira kwa "tswii" popondaponda, zonsezi zikutanthauza kuti crank imeneyo siyoyenera kutsetsereka nayo pa Ku Chawe. Muchotsere mtengo wa crank ina pa malonda, kapena muisiye.

Kenako yezani tcheni. Ikani lula pakati pa pini imodzi n'kuwerenga mapini 24 kutsogolo. Pa tcheni chatsopano pamakhala mainchesi 12 ndendende, omwe ndi mamilimita 304.8. Pini ikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, tcheni chafika pa 0.5 peresenti, malire a matcheni a masipuloketi 11 ndi 12. Ikapitirira ndi mamilimita atatu, dziwani kuti cassette nayo yapita, ndipo mukaika tcheni chatsopano chizidumpha mano mukangoponda mwamphamvu. Pindaninso labala wa chogwirira chakumanja muone mutu wa waya wa giya. Pa zogwirira za masipuloketi 11 wayayu amakonda kuyoyokera mkati, ndipo chizindikiro chake ndi giya yochita mphwayi potsikira ku masipuloketi aang'ono. Akadukira momwemo, kutulutsa mutuwo ndi ntchito yotopetsa, n'chifukwa chake timati azisinthidwa chaka chilichonse. Pomaliza, poti Dura-Ace 9000 ndi ya mabuleki ogwira pa limu, yendetsani chala pamene labala amagwira. Pakakhala polowa ngati supuni, limu latha.

Dura-Ace 9000 ndi ya mu 2012, pomwe 105 R7000 ndi ya mu 2018 ndipo inatengera kapangidwe ka Dura-Ace R9100 yomwe inalowa m'malo mwa 9000 yomweyo. Derailleur ya 9000 imathera pa mano 28, pomwe R7000 ya mwendo wautali imafika 34. Kwa munthu wa ku Zomba, ife tingatenge R7000.

Kodi ndingasakanize zida, mwachitsanzo zogwirira za Ultegra ndi cassette ya 105? Ndikufuna kukweza njinga pang'onopang'ono. Mayi wa ku Lilongwe

Mungathe, mayi, ndipo ndi nzeru yabwino, bola chiwerengero cha masipuloketi chikhale chimodzi komanso musasakanize zamagetsi ndi zawaya. Pa 11 yawaya, 105 R7000, Ultegra R8000 ndi Dura-Ace R9100 zimagwirizana. Pa 12 ya Di2, zitatu zatsopano zija nazo zimamvana. Di2 ya 11 ndi ya 12 sizigwirizana, ngakhale nthambo zake n'zosiyana kukula. Ngati mukufuna 12 yawaya, yomwe ilipo ndi 105 yokha ya mu 2023, Ultegra ndi Dura-Ace za 12 zilipo zamagetsi basi. Chosangalatsa n'chakuti cassette ya Shimano ya 12 imalowa pa habu yakale ya 11, ndiye mawilo simutaya.

Posankha pokwezera, ikani ndalama pa zida zimene sizitha msanga, monga zogwirira, ndipo zodyeka zikhale za 105 kapena Ultegra. Mapadi a mabuleki ngati L05A amalowa pa zonse zitatu. Asintheni akatsala theka la milimita, ndipo disiki, yomwe imabwera ndi mamilimita 1.8, ichotseni ikafika pa 1.5. Pomanga, loko ya cassette imafuna 40 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira), ndipo mabawuti awiri a mkono wakumanzere wa crank amafuna 12 mpaka 14 Nm, kumanga mosinthanasinthana. Mukamaliza kumanga limodzi lokha musanayambe linzake, mkono umakhala mopendekeka n'kuyamba kugwedera.

Chenjerani ndi matcheni otchipa modabwitsa a pa intaneti olembedwa Ultegra kapena Dura-Ace. Achinyengo ndi ambiri, amatalika msanga n'kudya cassette. Tcheni chenicheni cha 105 chochokera kwa wogulitsa wodalirika chimaposa Dura-Ace yokayikitsa.

Komanso magiya akamavuta, musathamangire kunena kuti zida n'zotsika. Nthawi zambiri ndi hanger yopindika njinga itagwera kumanja kapena itapanikizidwa m'galimoto. Masipuloketi 12 ndi oyandikana kwambiri, moti kupindika kosaoneka ndi maso kumakwanira kusokoneza. Mudzaona kuti mukakonza magiya akumtunda akumunsi amavuta, mukakonza akumunsi akumtunda amayambanso. Dura-Ace pa hanger yopindika imachita chimodzimodzi.

Nanga za SRAM? Ndili pakati pa Rival, Force ndi Red. Wowerenga wa ku Lusaka

SRAM ndi kampani ina yopanga zida ngati Shimano, ndipo nkhani ndi yomweyo: Rival ili pa mlingo wa 105, Force wa Ultegra, Red wa Dura-Ace. Crank ya Rival ndi ya aluminiyamu, ya Force ndi Red ndi ya carbon, ndipo zida za AXS (zosintha magiya ndi magetsi) za masipuloketi 12 zimasakanizika. Tengani Rival kapena Force. Koma dziwani kuti cassette yake imayambira pa mano 10 ndipo imafuna habu ya XDR, tcheni chake ndi Flattop chomwe sichisinthana ndi cha Shimano, ndiye muyambe mwafufuza komwe muzipeza zimenezi. Mabuleki a SRAM a njinga zamsewu amamwa mafuta a DOT 5.1, a Shimano amamwa mineral oil. Wokonza akathira olakwika, malabala amkati amafufuma ndipo buleki yonse imawonongeka. Muuzeni musanamusiyire njinga.

Kwathu magetsi amazimazima. Di2 sindivutika nayo? Wowerenga wa ku Mzuzu

Ayi. Batire la Di2, lomwe limabisala m'chitsulo cha chishalo, limayenda makilomita pafupifupi 1,000 likadzadza, ndipo mumalitchaja kudzera pa derailleur yakumbuyo ndi nthambo ya USB, ngakhale pa power bank ya foni. Likamatha imayamba kuima ndi derailleur yakutsogolo, yakumbuyo n'kutsala ikugwirabe ntchito kuti mukafike kunyumba. Zogwirira zili ndi timabatire take ta CR1632, kamodzi mbali iliyonse pa Ultegra ndi Dura-Ace, tiwiri mbali iliyonse pa 105, ndipo sitipezeka m'sitolo iliyonse, choncho sungani tapadera.

Choti muganizire kwambiri si magetsi koma ngozi. Derailleur ya Di2 ikaphwanyika palibe wokonza pamsika amene angaiwongole, muitanitsa ina, ndipo ya Dura-Ace ikudyerani ndalama zambiri kuposa ya 105. Ngati maulendo anu ndi otalikira kumidzi, ngati kutsika Chiweta kupita ku Karonga, 105 yawaya ndi imene tingakuuzeni. Waya wa giya wapadera mungaupinde n'kuuika m'kachikwama ka pansi pa chishalo limodzi ndi chubu, ndipo kuusintha kumangofuna alenki ya mamilimita 4 ndi pulayala.